Chaka chimene ndinafuna kumva zimbale zonse, makutu n'kuyamba kulira

Pa 1 Januwale 2023 ndinatenga kope latsopano n'kulemba mitu inayi patsamba loyamba: tsiku, woimba, dzina la chimbale, malikisi. Ndinadzilonjeza kuti ndizimvera chimbale chimodzi chatsopano tsiku lililonse mpaka chaka chithe, kuti Disembala akadzafika ndidzalembe mndandanda wa zimbale zanga zapamtima umene munthu sangautsutse. Chinandikankha ndi manyazi. Kumapeto kwa 2022 tinkacheza ndi anzanga okonda hip hop ngati ine, aliyense akutchula zimene zamugwira mtima chaka chimenecho, ndipo mayina ambiri amene ankatchulidwa ine ndinali ndisanawamvepo. Ndinangoti duu, pomwe nyimbo zimenezi ndinayamba kuzitsatira ndili mnyamata.

Hip hop imene ndimakonda ndi ija amati underground, ya oimba osadalira wailesi kapena makampani akuluakulu. Ambiri amatulutsa okha zimbale zawo, ena amadzera m'makampani ang'onoang'ono monga Backwoodz Studioz ya ku New York ndi Rhymesayers ya ku Minneapolis, n'kumagulitsa pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti logulitsirapo nyimbo. Anthu amenewa sapuma. Tengani The Alchemist, wopanga mabiti wa ku California: m'chaka chimodzi chomwecho anatulutsa chimbale ndi Larry June, china ndi Earl Sweatshirt, chinanso ndi MIKE ndi Wiki. Popeza kuyambira 2015 zimbale zambiri padziko lonse zimatuluka Lachisanu, Lachisanu lililonse m'mawa ndinkapeza mulu wondidikira. Zomvera sizinandisowepo. Chimene ndinkasowa ndi nthawi, ndiye ndinayamba kuiba paliponse pamene ndikanaipeza.

Ndinkamvera m'basi popita ku ntchito ndi pobwerera. Ndinkamvera ndili pa desiki, ndiye apa ndinkavala earphone imodzi yokha, kukhutu lakumanzere, kuti lakumanja lizimva ngati abwana akuitana. Usiku ndinkagona nazo m'makutu, chimbale chikuzungulira mpaka tulo titanditenga. Ma earphone anga anali otchipa, aja osatseka bwino khutu, moti phokoso la injini ndi la anthu linkalowa lonse. Mankhwala ake ine ndinkangodziwa amodzi: kukweza voliyumu. Foni inkandichenjeza ndi kauthenga koti kumvera mokweza chonchi kungawononge makutu, ine n'kungodina kuti ndamva, chala chomwecho n'kupitiriza kukweza.

Pali chinanso chimene anthu osamvera nyimbo za mtunduwu sangachidziwe. Mu underground mawu ndiye chuma. Oimba ake amapanikiza nkhani zambiri mu vesi imodzi, Chingerezi chake ndi cha m'misewu ya kwawo, ndipo ena amarapa chapansipansi ngati akudziyankhula okha, mawu atakwiririka m'masampulo, tizidutswa totengedwa mu nyimbo zakale. Kuchokera pamene Roc Marciano anatulutsa Marcberg mu 2010, ndiponso ndi kaimbidwe ka malemu Ka wa ku Brownsville, kunafala mabiti amene ng'oma zake n'zochepa kapena palibiretu. Nyimbo zotere zimafuna malo a bata. Ine ndinkazitengera pakati pa phokoso, ndikalephera kugwira mawu n'kumakweza kuti ndimve chimene munthu akunena. Ndikanadziwa, ndikanangotsegula mawu a nyimbozo pa Genius, tsamba losunga mawu a nyimbo, kapena patsamba la Bandcamp pomwe ena amawalemba, n'kumawerenga kwinaku ndikumvera motsitsa. Maso akanagwira ntchito imene ndinkaikakamiza pa makutu.

Zizindikiro zinalipo kuyambira cha m'Marichi. Ndikavula ma earphone madzulo, mawu a anthu ankamveka ngati ali kuseri kwa chitseko, makutu ali ngati mwalowa madzi. Kukacha zinkakhala zatha, ndiye ndinkati palibe kanthu. Tsiku lina mayi a kunyumba, atakhala mbali ina ya chipinda, anandigwedeza phewa nati, "Bambo, nyimbo yanuyo ine ndikuimva yonse kuchokera uko. Makutuwo simukuwamvera chisoni?" Ndinatsitsa pang'ono kuti asadandaule, iwo atatuluka ndinabwezera pomwe inali. Ngati munthu amene wakhala patali nanu akumva zimene zili m'makutu mwanu, kapena ngati wina ali pafupi akuchita kufuula kuti mumumve, dziwani kuti mwapyola kale malire. Kugontha kwa kanthawi kuja, kumene kumatha kukacha, ndi khutu limene likukuuzani kuti lavulala.

Makutu asanafike poipa, chinayamba kufa ndi chikondi changa pa nyimbo, ndipo ichi sindinachione msanga. Kumvera kunasanduka ngongole. Ndikadumphitsa tsiku limodzi, mawa lake ndinkayenera kubweza ziwiri. Ndinayamba kusankha zimbale poyang'ana kutalika kwake, chachifupi n'kumachikondera chifukwa chindithandiza kukwanitsa chiwerengero. Chimbale chilichonse ndinkachimva kamodzi kokha, n'kuchipatsa malikisi pa 10, n'kupita pa china. Nthawi zambiri malikisiwo ndinkalemba nyimbo yomaliza isanafike. Pa 5 Meyi billy woods ndi Kenny Segal anatulutsa Maps. Ndinkachidikira, chifukwa Hiding Places, chimene awiriwa anapanga mu 2019, ndinachikonda kwambiri. Ndinachimvera m'basi, maganizo ali pa ntchito, ndipo mu kope muja ndinalemba 6, pambali pake mawu akuti "sichikugunda". Ndinatseka tsamba osabwererakonso kwa miyezi isanu.

Ndalama nazo zinapita. Mabandulo a intaneti ankatha msanga chifukwa chilichonse ndinkamvera pa intaneti pomwepo, m'malo mosunga m'foni zimene ndikufuna kubwereza. Zimbale zingapo ndinazigula pa Bandcamp chifukwa chotengeka ndi zimene ena ankanena, ndipo mpaka lero zina sindinazitsegulenso kachiwiri. Sindidandaula kuti ndalamazo zinapita kwa oimba, chifukwa anthu amenewa amadalira zimenezo. Chimandipweteka n'choti ndikanagula zochepa zimene ndinazikondadi, makamaka pa masiku aja a Bandcamp Friday amene anayamba mu Marichi 2020, pamene kampaniyo siitengapo gawo lake, ndipo yotsalayo ndikanagulira mahedifoni otseka bwino makutu.

Zinafika pachimake pa 11 Ogasiti. Tsiku limenelo hip hop inkakwanitsa zaka 50, powerengera kuchokera pa phwando limene DJ Kool Herc anaimbitsa nyimbo pa 1520 Sedgwick Avenue ku Bronx mu 1973. Linali Lachisanu, ndipo woimba Noname anatulutsa chimbale cha Sundial tsiku lomwelo. Linali tsiku la 223 la chaka, koma mu kope ndinali pa chimbale cha 201. Ndinati mapeto a sabata amenewo ndilipira ngongole yonse, ndiponso ndikondwerera. Zimbale zakale za De La Soul zinali zitayamba kupezeka pa intaneti mu Marichi chaka chomwecho, patangopita milungu yochepa Trugoy, mmodzi wa gululi, atamwalira, ndiye ndinaziphatikiza pamulu uja. Loweruka ndinayamba m'mawa mpaka usiku, ndikuchapa, ndikukonza pakhomo, ma earphone osatuluka m'makutu kupatula nthawi yosamba. Ndinagona nawo.

Lamlungu ndinadzuka mbandakucha ndikumva kulira kwa nyenje. Ndinaganiza kuti ili panja pa zenera. Ndinatseka khutu lakumanzere ndi chala, kulirako m'malo mochepa kunakula. Ndinadzuka n'kupita chipinda china, n'kunditsatira. Apo mtima unagunda kwambiri, chifukwa ndinazindikira kuti phokosolo lili m'mutu mwanga.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa. Ndinadikira milungu isanu. Sabata yoyamba ndinkati zitha zokha ngati kale. Yachiwiri ndinaganiza kuti mwina ndi phula la m'khutu, n'kuyamba kutokosa ndi timitengo ta thonje, zimene zimangokankhira phulalo mkati ndipo zingathe kuboola nembanemba ya khutu. Choipitsitsa, popeza kulirako kunkakula kukakhala zii, ndinkakuphimba ndi nyimbo zomwezo, pa voliyumu yomweyo. Ndinali ngati munthu wopsa dzanja amene akulibwezera pamoto kuti aiwale ululu. Tulo tinasowa. Ku ntchito ndinayamba kupempha anthu kuti abwereze zimene anena, makamaka pakakhala anthu ambiri oyankhula nthawi imodzi. Kunyumba ndinkakwiya ndi zinthu zazing'ono. Usiku wina ndinakhala m'mphepete mwa bedi ndikulira mwakachetechete, ndikudzifunsa ngati ndidzamvenso bata moyo wanga wonse. Mayi a kunyumba anadzuka, sanandikumbutse zimene anandichenjeza zija, anangoti, "Mawa tipitira limodzi kuchipatala, bambo. Izi zakwana."

Tinapita pakati pa Seputembala. Adokotala oyamba anaunika m'makutu, anapeza kuti mulibe mafinya kapena chotupa, nanditumiza kwa akatswiri a makutu. Kumeneko ndinadikira milungu ina itatu kuti ndipeze tsiku. Kuyeza kwake anandilowetsa m'kachipinda kotsekeka bwino, n'kundiveka mahedifoni, n'kundipatsa kabatani koti ndizidina ndikangomva kulira kulikonse, ngakhale kochepetsetsa. M'kachipinda mmenemo nyenje yanga ija inkamveka ngati yakula kawiri, moti nthawi zina sindinkadziwa ngati ndikumva makina kapena khutu langa. Atatha anandionetsa pepala lokhala ndi mizere iwiri. Wa khutu lakumanja unali pafupifupi wowongoka. Wa lakumanzere, lija ndinkavala earphone pa desiki, unkayenda bwino kenako n'kugwera pansi pamalo olembedwa 4000 Hz, n'kukweranso pang'ono. Anandiuza kuti kadzenje kameneko ndi chizindikiro chodziwika cha khutu lovulazidwa ndi phokoso, ndipo kulira kumene ndinkamva dzina lake ndi tinnitus.

Anandifotokozera zimene ndikanakonda kuzidziwa ndili ndi zaka 15. Mkati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo mmenemo muli timaselo tokhala ndi titsitsi tating'onoting'ono, pafupifupi 16,000, timene timasandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatipinda. Tikapuma tina timadzukanso, n'chifukwa chake kugontha kwa madzulo kuja kunkatha m'mawa. Koma tikapindidwa mobwerezabwereza timafa, ndipo mwa munthu sitimeranso. Kuvulala kwake kumadalira zinthu ziwiri pamodzi, kukula kwa phokoso ndi kutalika kwa nthawi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu angamvere phokoso la madesibelo 80 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 40 pa sabata popanda vuto, koma likafika pa 90 nthawiyo imatsika kufika pa maola 4 okha pa sabata yonse. Foni ikakwezedwa mpaka kumapeto imatha kupyola 100. Ine Loweruka limodzi lija ndinadutsa muyeso wa milungu ingapo.

Ndinafunsa ngati pali mankhwala. Anandiyankha mosabisa kuti palibe piritsi lothetsa kulira kotere, koma kuti kwa anthu ambiri ubongo umazolowera n'kuyamba kukunyalanyaza, monga mmene munthu amasiyira kumva kulira kwa filiji m'nyumba mwake. Anandilangiza kuti usiku ndisamagone m'chipinda cha zii, ndiziyatsa fani kapena kawailesi motsitsa kwambiri, ndiponso kuti ndipumitse ma earphone. Anawonjezera chinthu chimene ndikufuna aliyense achisunge: ngati khutu limodzi lagontha mwadzidzidzi, kapena kulirako kukubwera ndi chizungulire, kapena kukugunda motsatana ndi mtima, musadikire ngakhale sabata, chifukwa pa kugontha kwadzidzidzi thandizo limagwira bwino m'masiku oyambirira. Mwayi wanga unali woti vuto langa silinali limenelo. Likanakhala limenelo, milungu isanu ija ikananditayitsa khutu. Ulendo wonsewu unandidyera masiku awiri a tchuthi ku ntchito, ndipo ndalama ya mayendedwe ndi yoyezetsa inaposa imene ndinagulira zimbale chaka chonsecho.

Kope lija ndinaliponya m'kabati. Pafupifupi milungu iwiri sindinamvere chilichonse, ndipo ndinkaopa kuti nyimbo ndadana nazo. Chakumapeto kwa Okutobala, madzulo ena ndili ndekha m'nyumba, ndinalumikiza foni ku kasipika kakang'ono, n'kukaika patebulo, voliyumu yake yoti munthu angayankhule nane osakweza mawu. Ndinasankha Maps chifukwa choti ndinkakumbukira kuti sichinali chaphokoso. Ndinakhala pansi, manja opanda chochita.

Chinali ngati chimbale china. Nkhani yake ndi ya munthu wokhalira maulendo chifukwa cha ntchito yoimba: mabwalo a ndege, mahotela, kudikira nthawi yokwera pa siteji, kufika kwanu n'kupeza kuti nakonso kwasintha. Woimbayu, billy woods, amene salola nkhope yake kuoneka pa zithunzi ndipo mbali ya ubwana wake anakulira ku Zimbabwe, amanena zinthu zolemera mopanda kufuula, ndipo mabiti a Kenny Segal ali ndi tizinthu tambiri tobisika, kulira kwa lipenga apa, piyano yotsimphina apo, zimene injini ya basi inazimeza zonse mu Meyi muja. Pamapeto penipeni pali vesi yaifupi kwambiri, bambo ali pabwalo la masewera akukankha mwana wake pa katungwe, akulingalira za moyo ndi imfa. Vesi imeneyo mu Meyi sindinaifike n'komwe. Ndinali nditalemba kale 6 wanga uja n'kuzimitsa. Madzulo amenewo ndinachibwereza katatu, ndipo ndinazindikira pambuyo pake kuti nthawi yonseyo nyenje ija sindinaiganizire.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kumvera chimbale chimodzi sabata yathunthu. Voir Dire cha Earl Sweatshirt ndi The Alchemist, chimene chinafika pa malo omvera nyimbo ambiri pa 6 Okutobala, sichikwana ndi theka la ola, ndipo kale ndikanachikonda chifukwa cha kufupikako basi. Tsopano ndinachikonda chifukwa ulendo wachisanu ndinkapezabe mzere umene unandidutsa. Burning Desire cha MIKE, amene mabiti ake ambiri amapanga yekha pa dzina loti dj blackpower, ndi chachitali ndipo chimafuna kuleza mtima. Masampulo ake ndi ofunda ngati nyimbo zimene makolo ankamvera pa wailesi yakale. Ndinabwereranso ku Beloved! Paradise! Jazz!? cha McKinley Dixon, cha mu Juni, chimene mu kope ndinachipatsa 7 ndikuthamanga. Zida zake n'zamoyo, malipenga ndi zingwe, ndipo pa sipika yotsitsa m'pamene ndinamva mmene zimapumira limodzi ndi mawu ake. Mu Novembala Danny Brown anatulutsa Quaranta, dzina lotanthauza 40 m'Chitaliyana, munthu amene tinamuzolowera akukuwa tsopano akuyankhula modekha za zaka zake ndi zolakwa zake. Chinandipeza pa nthawi yake. We Buy Diabetic Test Strips cha Armand Hammer chinandivuta, sindinama, ndipo mpaka pano pali nyimbo zina mmenemo zimene sindinazilowe, koma ndimabwererako, ndipo kubwererako n'kumene ndinayamba kukhulupirira kuposa malikisi.

Ndinasinthanso zida. Ndinagula mahedifoni ophimba khutu lonse, amene amatchinga phokoso lakunja, moti sindifunikanso kulimbana ndi injini. M'foni ndinapeza malo oikira malire a voliyumu, ndinaika pa 60 peresenti, ndipo sindikhudzanso. Mafoni ambiri a masiku ano ali nazo zimenezi, ena amawerengeranso madesibelo amene mwamva pa sabata. Ine ndinakhala ndi foni imeneyo zaka ziwiri osatsegulapo pamenepo. Ola likakwana ndimavula n'kupumitsa makutu. Earphone imodzi ya pa desiki ija ndinaisiyiratu, chifukwa khutu limodzi likamamvera lokha pakati pa phokoso umakweza kwambiri osazindikira. Kogona sindilowa ndi chilichonse m'makutu. Ndikapita kumene kukuimbidwa nyimbo ndimatenga totsekera m'makutu, ndipo sindiima pafupi ndi masipika.

Disembala atafika tinakumananso ndi anzanga aja. Ena anabwera ndi mayina 50, ena 25. Ine ndinali ndi 6: Maps pamwamba, kenako zinazo mosatsata dongosolo. Mmodzi anandifunsa kuti, "Achimwene, si inu munkati mumva chimbale tsiku lililonse? Zina zonse zija zili kuti?" Ndinamuuza kuti zili mu kope, zoposa 200, ndipo zambiri mwa izo nditaona dzina lake sindingakumbukire ngakhale biti imodzi. Kenako ndinamufotokozera za pepala la mizere iwiri lija. Anakhala chete, n'kutulutsa foni yake kuti ndimuonetse pamene pali malire a voliyumu.

Kulira kuja sikunathe. Masana ndimatha maola ambiri osakumva, koma ndikatopa, kapena ndikalowa m'chipinda cha bata, kumabwera, kukhutu lakumanzere, pa liwu lomwe lija la Lamlungu la mu Ogasiti. Pagulu ndimakhala mbali yoti woyankhula akhale kudzanja langa lamanja. Kope lija ndinalitulutsanso m'kabati, koma mutu wa malikisi ndinaufufuta. Pano chimbale chikandikoka kuti ndichimverenso ndimangoika kamzere kamodzi pambali pa dzina lake, ndipo patsamba la 5 Meyi, pafupi ndi 6 wofufutidwa uja, timizere tafika m'mphepete mwa pepala.